Mzere Wachitatu wa Nyimbo ya Tawina

Fainala anazindikira kuti nyimbo ya Tawina yabooka ali pamjigo, m'mawa wina wa mwezi wa Okutobala. Mkono ukukwera ndi kutsika, nyimbo inayamba yokha m'mutu mwake monga inkachitira zaka zonse. Mzere woyamba unadutsa bwinobwino, wachiwirinso chimodzimodzi. Koma pofika pa wachitatu, pamene Tawina ankatchula dzina la Fainala, anangomva mawu achilendo akuti, "Koma inu abwana mwatikumbukira."

Anasiya kupopa. Anayambiranso poyamba, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anafika pamalo omwe aja, abwana aja n'kutulukiranso.

"Popani mayi, enafe tikudikira," anatero mtsikana wina kumbuyo kwake.

Fainala anasenza ndowa isanadzaze. Njira yonse yobwerera kunyumba mtima unkagunda ngati waba nkhuku, ndipo madzi ankamutayikira pamsana iye osamva.

Tawina anali mkazi wa tenanti wochokera ku Phalombe, kwawo kwa Fainala komweko, ngakhale awiriwa anadziwana kuno ku Kasungu, pa esiteti ina ya fodya wa bale kum'mawa kwa Mtunthama. Sukulu sanaione n'khomo lomwe, koma nyimbo zinkangotuluka mwa iye ngati ngumbi mvula ikagwa. Ankazipekera m'chigafa, nthawi yosoka fodya, amayi atakhala moyang'anizana, aliyense ndi singano yake yaitali, akuboola matsinde a masamba ndi kuwatsetsereza pachingwe. Ankayimba za atsikana opita kubanja, za kapitawo wa mimba ngati mgolo, koma makamaka za kusiyana. Pa esiteti anthu sakhalitsa. Fodya akangogulitsidwa ku okushoni imabwera lole, mabanja ena n'kukwera ndi mphasa ndi mapoto awo, ndipo munthu amene unkagawana naye mchere sudzamuonanso.

Mayimbidwe ake anali amodzi: Tawina ankatsogolera, ena onse ankavomera. Panalibe wolowa m'malo mwake, ndipo panalibenso amene ankafuna.

Chaka chimene mwamuna wake anaganiza zosamukira ku esiteti ya ku Mchinji, Tawina anapeka nyimbo yake yomaliza pachigafa chimenecho, ndipo anaipekera Fainala.

Lole ikabwera usandiperekeze,
Soka mnzanga, soka, tsamba lisagwe.
Utomoni wa fodya ndikasamba udzachoka,
Soka mnzanga, soka, tsamba lisagwe.
Koma iwe Fainala...

Apa, pa mzere wachitatu wa wotsogolera, m'pamene Tawina ankanena chimene Fainala anali kwa iye. Akafika pamenepa ankasiya kusoka n'kumuyang'ana m'maso, ndipo Fainala, ndi manyazi ake achibadwa, ankazolika, n'kumangoyang'ana fodya pamiyendo pake. Anaiyimba nyengo yonseyo. Lole itabwera Fainala sanaperekeze, monga anauzidwira. Patapita chaka, dalaivala wina anadzanena kuti Tawina anamwalira pobereka, ndipo maliro anaikidwa kalekale.

Kuyambira pamenepo Fainala sanayimbepo mbali ya Tawina ndi pakamwa pake. Mbali ya Tawina inali ya Tawina. Iye ankangomumva m'mutu akutsogolera, ndi mawu ake omwe aja osasa pang'ono, kenako n'kuvomera mokweza. Anthu a m'mudzi umene Fainala anakhazikikamo mwamuna wake atamwalira anazolowera kumuona akulima yekha chete, mwadzidzidzi n'kuti, "Soka mnzanga, soka." Amayi anzake anatola chivomerezocho n'kumachiyimba popalira, osadziwa mutu wake kapena mwini wake.

Ndiye kunabwera zaka za makuponi ogulira feteleza wotsika mtengo. Fainala anali ndi kamunda kamene mudzi unamubwereka, kanthaka kotopa ndi fodya wa anthu ena, kosabereka kanthu popanda feteleza. Koma pa nkhani ya makuponi, munthu wobwera amakumbukiridwa eni mudzi akakhuta. Zaka ziwiri zotsatizana dzina lake silinamveke poitana olandira.

A Cuthbert, tcheya wa chipani m'deralo, bambo wa njinga ya mabelu awiri ndi zolembera zitatu pathumba la shati, anamva amayi akuyimba chivomerezo chija ndipo chinawakomera. Kunkabwera bwana wamkulu wochokera ku boma kudzakhazikitsa kagawidwe ka makuponi, ndipo a Cuthbert ankafuna nyimbo yoti madera ena asakhale nayo. Anapeka mawu awoawo, n'kufika pakhomo pa Fainala akuliza mabelu onse awiri.

"Mayi, akuti mokhotera nyimboyi mumadziwa ndinu. Mutitsogolere. Mawu ndakonza kale, inu mungowakhazika pamayimbidwe akewo."

"Nyimboyi ili ndi mwini wake, bambo," anatero Fainala.

"Ali kuti mwini wakeyo?"

"Anatisiya."

"Pepani. Koma nyimbo si munda woti n'kukhala ndi malire. Ndiponso mudziwe kuti woyimba bwino pamaso pa abwana saiwalidwa."

Fainala anavomera. Amene akufuna kumuweruza ayambe wadyako gaga wotola pachigayo mwezi wa Febuluwale, kenako abwere tikambirane. Iye anadziuza kuti akungobwereketsa mayimbidwe okha, ngati kubwereketsa lichero, ndipo mawu a Tawina akhala pamalo pake.

Choncho madzulo aliwonse amayi ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango pabwalo la sukulu ya pulayimale, a Cuthbert akuwerengera ndi chala m'mwamba. Fainala ankatsogolera: "Lole yabwera ndi feteleza wathu." Amayi n'kuvomera: "Thira mnzanga, thira, chimanga chikule." Kenako, "Chaka chatha tinagona ndi njala." Kenako mzere wa abwana uja. A Cuthbert sankakhutira msanga. Bwerezani, bwerezani, bwerezaninso, mpaka ana oonerera anayamba kuiyimba popita kukatunga madzi. Aka kanali koyamba kuti mbali ya wotsogolera ituluke pakamwa pa Fainala, ndipo inatuluka ndi mawu a a Cuthbert.

Tsopano, chichokereni pamjigo paja, Fainala sanapezenso mtendere. Mizere iwiri yoyamba anaigwira zolimba, akuinong'ona posesa, pophika, ngakhale m'tchalitchi. Wachitatu anatsala ndi mawu atatu okha, "Koma iwe Fainala," kutsogoloko zii. Choopsa kwambiri chinali chakuti akatseka maso kuti amve Tawina, ankamva mawu ake omwe, a iye Fainala, akutamanda munthu amene sanamuonepo.

Lamulungu kunabwera Maureen, mwana wake, amene ankagwira ntchito yokolopa pa sukulu yogonera ya ku Mtunthama, kumene ana a anthu opeza bwino amaphunzira mpaka chilankhulo cha Agiriki akale. Anapeza amayi ake atakhala pakhonde akusoka masamba a mango ndi singano ya fodya.

"Amayi, mukutani? Anthu akuonani!"

"Andione. Ndimati mwina manja akumbuka. Nyimboyi inabadwira pa singano." Anamufotokozera zonse, singano ili m'manja.

"Nenani ndilembe, zikhale papepala."

"Ndinene chiyani? Chimene ndikufuna kulembacho ndi chimene chasowa."

Maureen anakhala pansi. Pofuna kuwatonthoza, anawauza zimene anamva tsiku lina akukolopa pakhonde la kalasi. Mphunzitsi ankakamba za mayi wina wa pachilumba cha ku Girisi, amene anakhala ndi moyo kalekale Yesu asanabadwe. Ameneyonso ankapeka nyimbo za atsikana anzake, ena okwatiwa, ena opita kutali, ndipo anthu a nthawi yake ankamutama kwambiri. Nyimbo zake zinadzaza mabuku asanu ndi anayi. Lero zambiri zatsala zidutswazidutswa. Zina anazifukula kudzala m'dziko la Iguputo, ndipo ina anaipeza italembedwa paphale.

"Ndiye mukuona amayi, mpaka lero ana akumuphunzirabe."

Fainala anaika singano pansi. "Mabuku asanu ndi anayi, n'kutsala phale? Nanga Tawina amene analibe ngakhale tsamba limodzi? Iwe wabwera kudzanditonthoza kapena kudzandimaliza?"

"Sindinatanthauze zimenezo. Bukulo ndinaliona litasiyidwa patebulo. Patsamba pamakhala mawu awiri apa, atatu apo, pakati pali poyera."

"Bwanji osadzazamo? Si ophunzira amenewo?"

"Mwana wina anafunsa zomwezo. Aphunzitsi anati ena amayesa kulotera, koma iwo amakonda pakhale poyera pomwepo, chifukwa ukadzaza ndiye kuti akuyimba ndiwe, osati iye."

Fainala anatolanso singano yake. Zoyera za m'buku sizinamukhudze tsiku limenelo. Iye sankafuna poyera, ankafuna mawu ake.

Munthu wina mmodzi yekha wa m'chigafa chija anali adakali m'boma la Kasungu: Ezelina, amene anakwatiwanso kwa Kapelula. Fainala anajomba kokonzekera nyimbo, n'kukwera kabaza dzuwa lisanawawe. Njira yonse ankadzilimbitsa mtima kuti Ezelina anali wa mutu wakuthwa, wosaiwala ngakhale amene anamuponda chala paukwati.

Anamupeza akuthirira nazale ya fodya kudambo. Atapatsana moni ndi kufunsana za ana, Fainala analowa m'nkhani.

"Achemwali, nyimbo yomaliza ya Tawina mukuikumbuka?"

"Ndingaiwale bwanji? Soka mnzanga, soka."

"Icho n'chivomerezo. Ndikufuna mbali yake. Paja pamene ankati, 'Koma iwe Fainala,' ankamaliza kuti chiyani?"

Ezelina anaika kheni pansi n'kuyang'ana kumwamba. Anayimba chapansipansi, nafika pomwepo, n'kuima kukamwa kuli yasa. Anayesanso.

"Ii, achemwali, ife paja tinali ovomera. Iye akamayimba, ife tinkakoka mpweya kudikira pathu. Komanso pamenepo tonse tinkayang'ana inu, mmene munkazolikira muja, n'kumaseka. Ndimayesa mwina ankanena za mpango. Kapena za mchere?"

"Musalotere! Chonde musalotere."

"Nanga inu eni dzina simukudziwa? Kodi zaka zonsezi munkamva mawuwo, kapena munkangomva liwu lake?"

Funso limeneli Fainala anabwerera nalo pakabaza ngati mwala pachifuwa. Iye akanalumbira kuti mawuwo ankawadziwa, kuti mwezi wathawu omwewu anali nawo. Koma kulumbirako akanalumbira ndi chiyani, popeza umboni wake unali womwe wasowawo?

A Cuthbert anamudzudzula chifukwa chojomba, ndipo madzulo otsatirawo anabwereza nyimbo mowirikiza. Nthawi iliyonse imene Fainala ankayimba mzere wa abwana ankamva ngati akupondereza dothi pamanda. Anayesa kuuyimba ndi milomo yokha mtima uli kwina, koma nyimbo sidziwa zimenezo. Imangokhazikika pamene yaikidwa.

Tsiku la msonkhano anthu anasonkhana pabwalo kuyambira m'mawa. Abwana, monga mwa mwambo wa mabwana, anafika dzuwa litapendeka, anthu atapsa mokwanira. Patsogolo panali galimoto zawo, pambuyo lole yodzaza matumba a feteleza oti anthu awaone. Fainala ataona fumbi la loleyo likukwera kuseri kwa mabulugama, anakumbukira lole ija. Tsiku limene Tawina ankachoka, Fainala anabisala kuseri kwa chigafa, ndipo chimene anaona chinali fumbi lokhalokha ngati limeneli.

Ng'oma zinayamba. Amayi anandanda, a Cuthbert anakweza chala. Fainala anatsogolera za lole ya feteleza, amayi anavomera. Anatsogolera za njala ya chaka chatha, amayi anavomeranso. Pamene amayi ankavomera kachiwiriko, Fainala anachita mantha. Anaona kuti akangotchula abwana pano, pamaso pa khamu lonseli, mawa nyimboyi idzakhala pakamwa pa mwana aliyense kuyambira ku Mtunthama mpaka kwa Kapelula, ndipo Tawina sadzapezanso polowera. Komanso kamtima kena kanamunong'oneza kuti mwina akangoyamba mokweza, ndi ng'oma, ndi fumbi la lole, mawu otsalawo adzatsatira okha.

Anakoka mpweya n'kufuula, "Koma iwe Fainala!"

Anadikira. Ng'oma zinapitirira, mapazi a amayi anapitirira, pakamwa pake pali potsegula. Anamvetsera ndi thupi lonse. Sikunabwere kanthu.

Nthawi yovomera itakwana amayi analowa, chifukwa wovomera salephera kulowa. Atsikana anati "Thira mnzanga," koma amayi akuluakulu, atamva chiyambi chachilendocho, anabwerera ku chimene ankayimba kumunda, nati "Soka mnzanga, soka, tsamba lisagwe." Zinasakanikirana ngati nyemba ndi mchenga. A Cuthbert anatsitsa chala, maso ali psu. Koma abwana sanamve kalikonse. Anali pa foni, ndipo atamaliza anaomba m'manja mwaulemu.

"Mayi inu," anatero a Cuthbert msonkhano utatha, "ine ndakulemberani dzina la abwana, inu mukukayimba dzina lanu? Mukufuna kuimira nawo pachisankho?"

Fainala anangonyamuka kubwerera kunyumba. Sanali kuganiza za iwo n'komwe.

Za kuponi musafunse. Dzina lake silinamveke kachitatu, ndipo feteleza amene anathira chaka chimenecho anali wa m'beseni, womugawira mayi wina woyandikana naye. Anaonda, koma amene ankati waonda ndi njala yokha sankamudziwa. Mvula inagwa, anabzala, anapalira, akudikirabe kuti mwina m'mawa wina adzadzuka mzere uja uli pakamwa. Sunabwere.

Mu Febuluwale, ufa utatha, anapita kukagwira ganyu yosoka fodya pa esiteti yomwe ija. Chigafa chinali china, matenanti anali ena, ambiri achichepere ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo ankasoka chete ngati ali pamaliro. Fungo la fodya wamuwisi ndi utomoni wakuda m'zala zinali zomwe zija. Fainala anangozindikira wavomera mokweza, monga mwa chizolowezi chake.

"Nyimbo yanji imeneyo, amayi?" anafunsa mtsikana wina amene anakhala moyang'anizana naye, dzina lake Feliya. "Tiphunzitseni, tulo tatikwana."

Fainala anazengereza. Kenako anaona kuti akapanda kutsogolera iye, mizere iwiri yotsalayo idzapitanso komwe unapita unzake. Anawaphunzitsa chivomerezo, n'kuwauza kuti nyimboyi anapeka ndi Tawina wa ku Phalombe, ndipo dzinalo aliloweze pamodzi ndi nyimbo. Ndiye anatsogolera, ndi mawu a Tawina, koyamba m'moyo wake. Pofika pa mzere wachitatu anatchula mawu atatu aja n'kukhala chete.

"Kenako?" anafunsa Feliya.

"Kenako palibe. Anatayika."

"Aa, si zovuta zimenezo. Tingoti, 'Koma iwe Fainala ndiwe m'bale wanga.' Onani mmene zikukwanira."

Zinkakwaniradi, ndipo n'chimene chinamuopsa. Mtima wake unalumpha kufuna kuwalandira mawuwo, ndipo anadziwa kuti akangowamva kawiri adzakhala pansi ngati a a Cuthbert aja, iye n'kufa akukhulupirira kuti Tawina anatero.

"Ayi mwanawe. Usabwerezenso, ngakhale mumtima. Pamenepo m'pa mwini wake. Tizingodikira mpaka nthawi yovomera ikwane."

Atsikanawo anayang'anana, wina anabisa kuseka ndi nsalu, koma anamvera. Anaiyimba tsiku lonselo, ndi masiku otsatira, mpaka anazolowera ndipo palibenso ankafunsa. Pofika pa mzere wachitatu chigafa chonse chinkakhala chete, n'kumangomveka singano zikuboola matsinde a fodya. Pamenepo Fainala ankasiya kusoka, n'kudzutsa mutu umene ankauzolika zaka zonse zija, kuyang'ana kutsogolo kwake, kumene kunkakhala Tawina, kuti auzidwe.